Frederick Chiluba: Mtsogoleri Amene Anagonjetsa a Kaunda pa Masankho

Malemu a Frederick Chiluba anabadwa mu 1943 ndipo anachuka monga mtsogoleri wa bungwe la anchito la ZCTU. Pa 31 October 1991, ataimira cipani ca MMD, anagonjetsa a Kenneth Kaunda pa masankho amene anathetsa ulamuliro wa cipani cimodzi m'Zambia. A Jimmy Carter, amene analuza masankho a ku America mu 1980, anali pakati pa oyang'anira masankhowo. A Kaunda anavomera zotulukapo ndi kutula pansi udindo mwamtendere.

Koma a Chiluba atalowa m'boma, sanampatse mnzawoyo mwai umene iwo analandira. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa, ndipo a Kaunda analetsedwa kuima. Pa tsiku la Khirisimasi mu 1997, boma linawamanga ndi kuwatsekera m'ndende ya Kamwala mu Lusaka.

Mu 2001 a Chiluba anafuna kulamulira kacitatu, koma machalichi, maloya ndi anthu wamba anakana. Anamwalira pa 18 June 2011 kunyumba kwao ku Kabulonga, ndipo anaikidwa ku Embassy Park.