Muddy Waters ndi Anyamata Ake a ku Chicago

Pakati pa anthu amene anasintha maimbidwe a dziko lapansi m'zaka za m'ma 1900 pali munthu wina wakuda wa ku America amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo mpaka zaka zake zitayandikira makumi atatu anali akugwirabe ntchito m'minda ya thonje ya eni ake. Dzina lake lenileni linali McKinley Morganfield, koma anthu amamudziwa kuti Muddy Waters. Sabata ino tiona mbiri yake, makamaka momwe anasonkhanitsira anyamata ochokera kosiyanasiyana, aliyense ndi luso limene anakula nalo, napanga gulu limene maimbidwe ake anakhala maziko a nyimbo za rock.

Muddy anabadwira m'chigawo cha Mississippi pa 4 April. Mwini wake ankanena kuti chinali chaka cha 1915, koma ofufuza mapepala akale amati chinali 1913. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho analeredwa ndi agogo ake aakazi, a Della Grant, pa esiteti ya Stovall pafupi ndi tauni ya Clarksdale. Agogowo ndiwo anamupatsa dzina loti Muddy chifukwa ankakonda kusewera m'matope. Anthu akuda a kumeneko, zidzukulu za akapolo, ankalima ngati matenanti: munda wa mwini, mbewu za ngongole, ndipo pokolola chotsala chinali chochepa. Madandaulo a moyo woterewu ndiwo ankamveka m'nyimbo zawo zotchedwa blues.

Mnyamatayu anayamba ndi kalimba ka pakamwa kotchedwa hamonika, kenaka atafika zaka 17 anagwira gitala. Anatengera kaimbidwe ka Son House, amene ankatsetsereza khosi la botolo pa nsambo kuti gitala alire ngati munthu, monga ankachitira oimba hauyani kwathu kuno. Masana Muddy ankayendetsa thirakitala, ndipo Loweruka usiku ankaimba pa madansi a m'midzi. Mu 1941 kunabwera Alan Lomax ndi John Work, amene ankajambula nyimbo za anthu wamba kuti zikasungidwe ku Library of Congress. Atamva mawu ake akutuluka m'makina kwa nthawi yoyamba, Muddy anazindikira kuti sankachepa poyerekeza ndi oimba a m'mbale za galamafoni. Mu 1943 anakwera sitima kupita ku Chicago, mzinda waukulu wa kumpoto kumene anthu akuda ambirimbiri ankathamangira pofuna ntchito.

Kumeneko anapeza vuto. M'nyumba zomwera mowa munali phokoso lalikulu moti gitala wamba sankamveka. Anayamba kuimba ndi gitala wa magetsi, ndipo mu 1948 mbale yake yotchedwa I Can't Be Satisfied inagulidwa kwambiri ndi anthu a ku Mississippi amene anapukwa kwawo. Komabe mutu umodzi susenza denga. Chimene chinamukweza pamwamba pa anzake ndi anthu amene anawasankha kuti aziimba naye.

Woyamba anali Jimmy Rogers, wobadwa mu 1924 ku Ruleville, komweko ku Mississippi. Nayenso anayamba ndi hamonika asanasinthire ku gitala. Iye anali munthu wofatsa pa nsambo, wodziwa kuyala mphasa kuti mnzake akhalepo. Oimba a kumudzi monga Muddy sankawerenga nthawi ya nyimbo mofanana tsiku lililonse. Ankatha kutalikitsa mzere kapena kuufupikitsa monga mtima wafunira. Rogers anaphunzira kumutsata pakukhota kulikonse, ndipo magitala awiriwo ankamveka ngati a munthu mmodzi.

Wachiwiri anali Little Walter, wobadwa mu 1930 ku Marksville m'chigawo cha Louisiana. Uyu anachoka pakhomo ali ndi zaka pafupifupi 12, nayamba kuimba hamonika m'misewu kuti apeze chakudya, mpaka anafika pa msika wa Maxwell Street ku Chicago. Makutu ake anali kwa oimba malipenga a jazi. Choncho ankafumbata hamonika pamodzi ndi maikolofoni m'manja, nalumikiza ku chokuzira mawu, ndipo kachida kakang'onoko kankabangula ngati lipenga la sakisofoni. Anali wamtima wapachala, wokonda ndewu, koma Muddy anamupirira chifukwa cha luso lake.

Kenaka kunabwera Otis Spann, woimba piyano wa ku Mississippi, amene anadzakhala m'gululi mpaka 1968. Dzanja lake lamanzere linkalimbitsa nyimbo pansi pamene lamanja linkayankha mawu a Muddy. Pa ng'oma panali Elgin Evans, amene anazolowera kuimba jazi ndipo sankakonda phokoso lopanda pake. Womaliza ndi Willie Dixon, wobadwa mu 1915 ku Vicksburg, amene ubwana wake ankaimba m'kagulu ka nyimbo zauzimu, ndipo atakula anali katswiri wa nkhonya. Iye sankayenda ndi gululi kawirikawiri, koma pojambula mbale ku kampani ya Chess ankaimba besi yaikulu yoimika, ndiponso anapekera Muddy nyimbo zotchuka monga Hoochie Coochie Man ya mu 1954.

Tikaonetsetsa, apa panakumana munda, msewu, tchalitchi ndi holo ya dansi. Nzeru ya Muddy inali yakuti sanakakamize aliyense kutaya za kwawo. Anasunga nyimbo ya kumudzi pakati, nalola enawo kuizungulira, aliyense ndi zake. Dongosolo lotere la magitala a magetsi, besi, ng'oma ndi piyano ndilo anadzatengera magulu ambiri a rock. Analinso wopanda nsanje. Mu 1952 nyimbo ya Little Walter yotchedwa Juke inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za anthu akuda, mnyamatayo nachoka kukayamba gulu lake, komabe anapitiriza kujambula mbale ndi Muddy. Mu 1955 Muddy yemweyo ndiye analozera Chuck Berry khomo la Leonard Chess, mwini wa kampani ija.

Zodabwitsa n'zakuti pamene achinyamata akuda anayamba kuona blues ngati nyimbo za makolo zokumbutsa umphawi, azungu a kutsidya la nyanja anazikonda. Mu 1958 Muddy ndi Spann anakaimba ku England, kumene ena anadzidzimuka ndi mkokomo wa gitala wa magetsi. Mu 1960 gulu lake linagwedeza chikondwerero cha jazi cha ku Newport. Mu 1962 anyamata ena a ku London anatcha gulu lawo Rolling Stones potengera nyimbo yake ya mu 1950 yotchedwa Rollin' Stone, ndipo mu 1964 anafika ku Chicago kudzajambula m'nyumba momwe iye ankajambulira. Ophunzirawo analemera kuposa mphunzitsi wawo, koma sanabise kumene anatunga madzi, ndipo izi zinam'bweretsera omvera atsopano. Mu 1977 anatulutsa mbale ya Hard Again mothandizidwa ndi Johnny Winter, ndipo inalandira mphotho ya Grammy.

Muddy Waters anamwalira ali m'tulo kunyumba kwake ku Westmont, pafupi ndi Chicago, pa 30 April 1983. Anzake awiri anali atatsogola kale: Little Walter mu 1968 atavulazidwa pa ndewu, ndi Spann mu 1970.

Achinyamata athu amene akuyambitsa magulu oimba aganizirepo. Mnzanu amene anakulira m'kwaya, kapena amene anaphunzira ng'oma ku bwalo la gule, asamuchititse manyazi ndi kumene anachokera. Muddy akanachita manyazi ndi nyimbo za m'munda wa thonje, bwenzi lero dzina lake litaiwalika.