Luís de Camões: mlakatuli yemwe adasaukira pagombe la Mozambique

Msewu wa M1 ukachoka pa Dedza kulowera ku Ntcheu, m'malo ena ndiwo malire a dziko: uku Malawi, tsidya Mozambique. Anthu a mbali ziwirizi amalankhula chilankhulo chimodzi, amakwatirana, amagulitsa mbatata ndi kabichi pamisika yomweyo. Kusiyana kwawo kumayambira m'kalasi. Mwana wa ku Dedza amatuluka thukuta ndi Chingerezi cha Shakespeare, pomwe msuweni wake wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, amalimbana ndi Chipwitikizi, chomwe eni ake amachitcha chilankhulo cha Camões. Shakespeare timamudziwa chifukwa cha mayeso a Fomu 4. Camões ambiri sitidamumvepo, chonsecho mwa awiriwa ndi iyeyu amene adaponda dothi la chigawo chino cha Africa, nakhalako zaka ziwiri akudya zopatsidwa.

Luís Vaz de Camões adabadwa cha m'ma 1524 ku Portugal, m'banja la dzina koma lopanda chuma. Iyi idali nyengo yomwe Azungu amaitcha Renaissance, pomwe ophunzira a ku Ulaya adabwerera ku mabuku akale a Chilatini ndi Chigiriki n'kuyamba kulemba zofanana nawo m'zilankhulo zawo. Zolemba za Camões zimaonetsa kuti adawerenga kwambiri Virgil ndi Ovid, alakatuli a ku Rome wakale, komanso Petrarch wa ku Italy, yemwe adatchukitsa ndakatulo ya mizere 14 yotchedwa soneti. Ndakatulo zake zachikondi za mtundu umenewu mpaka lero ana asukulu a ku Portugal ndi Brazil amaziloweza pamtima.

Koma munthuyu sadali wongokhala m'nyumba ndi mabuku. Adagwira usilikali ku Ceuta, kumpoto kwa Africa, komwe adataya diso lakumanja. Atabwerera ku Lisbon, mu 1552 adavulaza ndi lupanga Gonçalo Borges, wantchito wa kunyumba ya mfumu, pandewu ya mumsewu, ndipo adamutsekera m'ndende. Mfumu João III idamukhululukira mu Malichi 1553, ndipo mwezi womwewo adakwera sitima yapamadzi yopita ku India. Kwawo adakabwererako patatha zaka 17.

Ku Goa, likulu la Apwitikizi ku India, adamenya nawo nkhondo zingapo zapanyanja kwinaku akulemba. Sewero lake lotchedwa Filodemo lidaonetsedwa kumeneko cha m'ma 1555 polemekeza bwanamkubwa Francisco Barreto, munthu yemwe tikumana nayenso mumtsinje wa Zambezi. Ndakatulo yake yoyamba kusindikizidwa idatuluka mu 1563, koyambirira kwa buku la mankhwala a ku India lomwe adalemba sing'anga Garcia de Orta. Adafikanso kum'mawa kwenikweni kwa Asia, ndipo sitima yomwe adakwera idasweka kumathiriro a mtsinje wa Mekong. Ngoziyo amaitchula yekha m'ndakatulo yake yaikulu. Nthano yomwe Apwitikizi amaikonda imati adasambira ndi dzanja limodzi, linalo litanyamula mapepala ake pamwamba pa madzi.

Mu 1567, atatopa ndi ngongole za ku Goa, adanyamuka ndi Pedro Barreto, yemwe adasankhidwa kukhala mkulu wa Apwitikizi ku Sofala, poganiza kuti akafika ku Mozambique ndiye kuti theka la ulendo wakwawo latha. Adagwa m'mbuna. Chilumba cha Mozambique n'chaching'ono, kutalika kwake pafupifupi makilomita atatu okha, chotentha, cha madzi ovuta, ndipo amalinyero ambiri ankafera pomwepo ndi malungo podikira mphepo yabwino. Camões adayambana ndi bwana wakeyo ndipo adalibe ndalama yolipirira ulendo. Mlembi wa mbiri yakale Diogo do Couto, yemwe adaima pachilumbapo mu 1569, adamupeza ali mphawi wodyetsedwa ndi anzake. Adamupezanso akugwira ntchito: ankasalaza ndakatulo yake yaikulu kuti ikasindikizidwe, komanso ankalemba buku lina lotchedwa Parnaso, lomwe pambuyo pake lidabedwa ndipo silidaonekenso. Couto ndi anzake adasonkha ndalama, namugulira zovala, namulipirira malo m'sitima. Adafika kwawo mu Epulo 1570.

Tsono pa zaka zomwezo, kuno kumtunda kudali chiyani? Kunsi kwa mapiri a Dedza, pafupi ndi Mtakataka, padali mudzi waukulu wa Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo adapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi zotsalira za minyanga ya njovu yomwe amisiri ankasema. Kutanthauza kuti makolo athu adali kale m'malonda a Nyanja ya India, malonda omwewo amene Apwitikizi adabwera kudzawalanda m'manja mwa Aswahili ndi Aluya. Minyanga yomwe inkakwezedwa m'sitima pamadoko a Mozambique inkachokera kumtunda ngati kuno. Mlakatuliyo ankaona katunduyo. Eni katunduyo sadawaone.

Izi zimaonekera m'buku lake. Os Lusíadas, kutanthauza ana a Luso kapena kuti Apwitikizi, ndi ndakatulo ya magawo 10, ndime 1,102, ndime iliyonse mizere isanu ndi itatu. Msana wake ndi ulendo wa Vasco da Gama, yemwe adanyamuka ku Lisbon mu 1497, nazungulira kumwera kwa Africa, nafika ku India mu 1498. Potsata chitsanzo cha Virgil, Camões adalowetsamo milungu ya Aroma: Venus akuteteza Apwitikizi, Bacchus akuwatchera misampha. Gawo lalikulu la nkhaniyo likuchitikira m'gombe lathu lino. Pamtsinje wa ku Quelimane amalinyero akufa ndi nthenda yotupitsa nkhama. Pachilumba cha Mozambique, pomwe iye mwini adadzasaukira, mfumu yachisilamu akuijambula ngati yachinyengo, ndipo mizinga ya da Gama ikuphwasula mudziwo mlakatuli akuombera m'manja. Mfumu ya ku Malindi yokha ndiyo yabwino, chifukwa idalandira alendowo n'kukhala chete kumvera da Gama akusimba mbiri ya dziko lake.

Za kumtunda amazitchula mwachidule m'gawo lomaliza. Amatchula ufumu wa Monomotapa ndi golide wake, ndipo anthu ake amawanena ndi mawu onyoza, ngati anthu akutchire. Amatchula Gonçalo da Silveira, wansembe wa chipani cha Ajezuiti yemwe adakwera Zambezi kudzera ku Sena ndi Tete, nabatiza mfumu ya Mutapa, naphedwa kumeneko mu Malichi 1561. Amanenanso kuti Nile ndi Cuama, dzina lomwe Apwitikizi ankatchula Zambezi, zimachokera m'nyanja imodzi yaikulu pakati pa Africa. Adalakwitsa mapu, komabe mphekesera ya nyanja yaikulu yakumtunda idali itamufika. Mwa anthu akuda a chigawo chino, palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi dzina m'ndakatuloyo. Africa yense akumuonera pasitima.

Kukadakhala kuti n'zokhazi, bukuli bwenzi lili nyimbo ya atsamunda basi, yoyenera kuisiya pashelefu. Chomwe chimavuta n'chakuti Camões adaikamo mawu otsutsa zomwe iye mwini akutamanda, ndipo mawu otsutsawo ndiwo okoma kuposa ena onse. Sitima za da Gama zili pafupi kunyamuka pagombe la Restelo, nkhalamba ina ikuimirira pakati pa amayi olira n'kutemberera ulendowo, kunena kuti chomwe chikutchedwa ulemerero ndi dyera ndi kususuka, ndipo chidzasiya midzi yopanda amuna. Palibe amene akuiyankha. Pofika kunsonga ya kumwera kwa Africa, mtambo wakuda ukusanduka chimphona chotchedwa Adamastor, chomwe chikulosera kusweka kwa sitima ndi imfa kwa onse odutsa malire ake. Alembi a ku South Africa, monga André Brink, adadzachitenga chimphonachi n'kuchisandutsa Africa yemwe akuyankha mlendo. Ndipo m'mathero a magawo ena mlakatuliyo amaleka nkhani n'kuyamba kudandaula za mphamvu ya ndalama, za akuluakulu osadziwa kuwerenga ndakatulo, za dziko lomwe lagontha ndi umbombo. Apa akulankhula ndi munthu amene adaona ufumuwo kuchokera pansi.

Nkhalamba ya ku Restelo sidachedwe kupezeka yolondola. Mu 1569, chaka chomwe Camões adachoka pachilumba, Francisco Barreto uja adanyamuka ku Lisbon ndi asilikali pafupifupi 1,000 kukalanda migodi ya golide ya Mutapa, ponamizira kulipsira imfa ya Silveira. Ku Sena anthu ndi akavalo adayamba kufa ndi matenda. Apwitikizi adanamizira amalonda achisilamu kuti athira poizoni, nawapha mwankhanza. Barreto naye adafera ku Sena mu 1573, golideyo osamuona.

Os Lusíadas idasindikizidwa ku Lisbon mu 1572, itadutsa m'manja mwa wansembe wounika mabuku, yemwe adalola milungu yachikunjayo ponena kuti ndi zokometsera chabe za ndakatulo. Mfumu Sebastião, mnyamata yemwe bukulo lidaperekedwa kwa iye, idapatsa mlembiyo kandalama kapachaka ka 15,000 réis, kochepa ndiponso kobwera mochedwa. M'bukumo Camões adalimbikitsa mfumuyo kukamenya nkhondo ku Morocco. Idapitadi mu 1578, ndipo idathera komweko pankhondo ya Alcácer Quibir pamodzi ndi gulu lake. Mlakatuliyo adamwalira ali wosauka pa 10 Juni 1580, chaka chomwe Portugal adagwa m'manja mwa mfumu ya Spain. Masewero ake awiri adasindikizidwa mu 1587, ndakatulo zake zazifupi mu 1595, mwini wake atagona kale.

Lero tsiku la imfa yake ndilo tsiku la dziko la Portugal. Pachilumba cha Mozambique pali chiboliboli chake, ndipo mphoto yaikulu ya alembi a Chipwitikizi, yomwe Portugal ndi Brazil adayamba kupereka mu 1989, imatchedwa dzina lake. Mu 1991 idapita kwa José Craveirinha, mlakatuli wa ku Mozambique yemwe apolisi achinsinsi a atsamunda adamutsekerapo chifukwa chogwirizana ndi Frelimo. Mu 2013 adalandira Mia Couto wa ku Beira. Mu 2021 idagwera Paulina Chiziane, wobadwira ku Gaza, yemwe adakula akulankhula Chichopi ndi Chironga, Chipwitikizi n'kukachiphunzira kusukulu ya mishoni, monga amachiphunzirira m'kalasi ana a ku Angónia.