H. B. Warner: munthu amene anasewera ngati Yesu

Ambiri a ife tinaonerapo kanema wa moyo wa Yesu, kaya m'tchalitchi kapena pabwalo la sukulu usiku, chinsalu choyera chitapachikidwa pamitengo. Kanema akatha, ana sachedwa kufunsa kuti bambo uja ndi ndani, ndiponso ngati kwawo amakhala wofatsa chomwecho. Funso limeneli silinayambe lero. Okonda kanema ankalifunsanso m'chaka cha 1927, nthawi imene mafilimu analibe mawu, ndipo munthu amene ankafuna kumudziwa anali Henry Byron Warner.

Warner anabadwira mumzinda wa London ku England m'zaka za m'ma 1870. Bambo ake, a Charles Warner, anali katswiri wa zisudzo amene anatchuka posewera ngati chidakwa m'sewero lotchedwa Drink. Mwanayo anayamba maphunziro a udokotala, koma mtima wake unali ku ntchito ya bambo ake. Atawolokera ku America, anadziwika kwambiri m'chaka cha 1910 ndi sewero la Alias Jimmy Valentine, momwe ankasewera ngati mbava imene inasiya kuba. Pambuyo pake analowa m'mafilimu.

M'masiku amenewo osewera sankamveka. Mawu ochepa ankalembedwa pachinsalu pakati pa zithunzi, kwinaku woimba piyano akuthandiza anthu kumva chisoni kapena chimwemwe. Zina zonse zinkanenedwa ndi maso, manja ndi kayendedwe. N'chifukwa chake oonera ankakhulupirira nkhope, ndipo ambiri ankavutika kusiyanitsa wosewera ndi munthu amene akumuyerekeza.

Cecil B. DeMille, wokonza mafilimu wa ku Hollywood, ankazidziwa bwino zimenezi pamene ankakonza kanema wa The King of Kings. Anasankha Warner, yemwe anali ndi zaka pafupifupi 50, kuti asewere ngati Yesu, ngakhale kuti Dorothy Cumming, amene anasewera ngati Mariya amayi ake, anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zambiri. DeMille ankaopa kuti mbiri yoipa ya wosewera mmodzi ikhoza kuipitsa ntchito yonse. Olemba mbiri ya kanemayu amafotokoza kuti osewera akuluakulu anasainira pangano losunga khalidwe, ndipo Warner akavala zovala za seweroli ankayendetsedwa m'galimoto yotchinga mazenera, ankaphimbidwa kumaso ndi nsalu, ndipo ankadya payekha. Amafotokozanso kuti pa nthawi yomweyo munthuyu ankalimbana ndi mowa.

Kanemayu anatuluka mu 1927 ndipo anakhudza mitima ya anthu ochuluka. Nkhope ya Yesu imayamba kuonekera kudzera m'maso a kamtsikana kakhungu kamene kakuchiritsidwa: mdima umang'ambika pang'onopang'ono mpaka nkhope ija itaoneka. Kwa zaka zambiri mipingo ndi amishoni ankamuonetsa m'mayiko osiyanasiyana, ndipo popeza analibe mawu, chilankhulo sichinali chotchinga chachikulu. Anthu miyandamiyanda akamapemphera, m'maganizo mwawo munkabwera nkhope ya Warner.

M'chaka chomwecho munatuluka The Jazz Singer, kanema amene anatsegula khomo la mafilimu olankhula. Osewera ambiri anazimirira, koma Warner, amene anakulira m'zisudzo, anapitiriza ntchito, ngakhale kuti tsopano ankapatsidwa mbali zing'onozing'ono. Mbali yake mu Lost Horizon ya mu 1937 inamuika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar. Mu 1946, mufilimu ya It's a Wonderful Life, anasewera ngati wogulitsa mankhwala amene waledzera ndi chisoni mwana wake atamwalira, mpaka kumenya kamnyamata kantchito. Mu 1950 anaoneka mu Sunset Boulevard monga iye mwini, akusewera makadi ndi Buster Keaton ndi Anna Q. Nilsson, akatswiri akale amene dziko linawaiwala. Mu 1956 DeMille anamuitananso mu The Ten Commandments. Apa anali nkhalamba yofooka, yonyamulidwa m'manja potuluka mu Iguputo. Anamwalira pa 21 December 1958 ku Woodland Hills, m'chigawo cha California.

Nanga ana athu tiwayankhe chiyani? Tiwauze zoona. Munthu uja anali wosewera waluso amene anagwira bwino ntchito yake, koma anali munthu ngati ife, wofunika Mpulumutsi yemweyo amene ankamuyerekeza. Amene analemba Mauthenga Abwino sanatiuze kutalika kwa Yesu kapena maonekedwe a nkhope yake. Anatisiyira mawu ake, ntchito zake, imfa yake ndi kuuka kwake. Chikhulupiriro chomangidwa pa nkhope ya wosewera, kapenanso ya mlaliki wotchuka, chimagwa tsiku limene munthuyo wapunthwa.

Komatu tisafulumire kumuloza chala Warner. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu ukutikhudza ife tomwe. Nafenso tili ndi nsalu zathu zophimbira: yunifolomu ya chigwirizano, jekete la mkulu wa mpingo, mpando wa kutsogolo Lamulungu. Amene amationera sewero lathu tsiku ndi tsiku ndi ana athu, antchito athu ndi oyandikana nawo nyumba. Kwa iwo moyo wathu uli ngati kanema wopanda mawu uja, pakuti amaona manja athu ndi nkhope zathu kuposa kumva zimene timanena. Pa 1 Samueli 16:7 timaphunzira kuti chimene Mulungu amayesa ndi mtima osati maonekedwe. Ndipo pa Agalatiya 3:27 Paulo amafanizira ubatizo ndi kuvala Khristu, chovala chimene sichivulidwa mapemphero akatha.

Pali chitonthozo m'mbiri imeneyi. Ngati Mulungu anatha kukhudza mitima kudzera mwa munthu wofooka ngati Warner, akhozanso kugwiritsa ntchito ife. Chimene akufuna kwa ife ndi kulapa koona, kuti zimene timaonetsa pagulu zigwirizane ndi zimene timachita chitseko chikatsekedwa. Ambuye atithandize kutero sabata ino.