Daniel Payne: Bishopu yemwe adagula yunivesite alibe ndi khobidi lomwe

Pa 31 March 1835, mphunzitsi wina wachinyamata mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina ku America, adabalalitsa ana ake a sukulu pafupifupi 60 n'kutseka chitseko komaliza. Sikuti fizi idavuta kapena denga lidasasuka ndi mphepo ayi. Boma la chigawocho lidali litakhazikitsa lamulo loti kuyambira pa 1 April, munthu wakuda aliyense wopezeka akuyendetsa sukulu yophunzitsa anzake kuwerenga ndi kulemba azilipitsidwa chindapusa komanso kukwapulidwa zikoti mpaka 50.

Mphunzitsiyo adali Daniel Alexander Payne, wa zaka 24. Patadutsa zaka 28, mkulu yemweyu adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera sukulu ya ukachenjede m'dziko la America. Sukuluyo ndi Wilberforce, yomwe m'chaka cha 1925 idalandira mnyamata wina wochokera ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda.

Mwana wamasiye wokonda mabuku

Payne adabadwa pa 24 February 1811 ku Charleston komweko. Makolo ake, London ndi Martha Payne, adali anthu akuda koma mfulu, m'nthawi yomwe anthu akuda ambiri kummwera kwa America adali akapolo. Bambo ake adamwalira iye ali wamng'ono kwambiri, ndipo mayi ake adatsatira mwanayo asadakwanitse zaka 10. Adaleredwa ndi agogo ena a pachibale.

Kwa zaka zochepa adaphunzira pasukulu yomwe anthu akuda a mumzindawo adakhazikitsa pofuna kuthandiza ana amasiye. Kenaka adalowa ntchito zamanja: adayamba kwa wogulitsa nsapato, adaphunzira ukalipentala, n'kudzalawako utelala. Koma m'mera mpoyamba. Akaweruka kuntchito, mnyamatayu ankawerenga buku lililonse lomwe lagwa m'manja mwake.

Chomwe chidamutokosa kwambiri ndi mbiri ya mbusa wina wa ku Scotland, John Brown wa ku Haddington, yemwe adadziphunzitsa yekha Chilatini, Chigiriki ndi Chihebri. Payne adaona kuti ngati wina adatha popanda mphunzitsi, iyenso angathe.

M'chaka cha 1829, ali ndi zaka 18, adatsegula sukulu yakeyake. Adayamba ndi ana atatu, aliyense akulipira masenti 50 pamwezi, ndipo usiku ankaphunzitsa akapolo atatu akuluakulu. Ndalama idali yochepa kotero kuti adaitsekako kanthawi, koma adaitsegulanso ndipo idakula. Zomwe ankaphunzitsa masana ankayamba wadziphunzitsa yekha usiku: masamu, galamala, mapu a maiko, za zomera ndi za nyama. Chidwi chomwechi chidamupweteketsa tsiku lina pomwe adayang'anitsitsa kadamsana ndi maso osaphimba. Maso ake sadachirenso bwinobwino moyo wake wonse.

Chifukwa chomwe adatsekera sukulu

Eni akapolo ankaopa munthu wakuda wodziwa kuwerenga. M'chaka cha 1822, Denmark Vesey adanyongedwa ku Charleston pomuganizira kuti amakonza zoukira, ndipo tchalitchi cha anthu akuda chomwe ankapempherako chidagwetsedwa. Mu 1831, kapolo wina wodziwa kuwerenga Baibulo, Nat Turner, adatsogolera kuukira ku Virginia komwe kudaphetsa azungu oposa 50. Kuchokera apo, zigawo zingapo za kummwera zidakhwimitsa malamulo oletsa maphunziro a anthu akuda.

Payne mwiniwake ankakhulupirira kuti sukulu yake idathandizira kuutsa mkwiyowo. Mu 1834 adatuma anyamata ake atatu kumunda wa mzungu wina kukatenga njoka yoti aphunzirire m'kalasi. Eni mundawo atawafunsa anawo zomwe amaphunzira, adadzidzimuka kumva kuti ana akuda akudziwa zinthu zomwe iwo ankati n'za ana a azungu okha. M'December chaka chomwecho lamulo lija lidadutsa.

M'May 1835, Payne adakwera sitima ya pamadzi kulowera kumpoto, kusiya kwawo, manda a makolo ake ndi ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi.

Kuchoka ku Lutheran kupita ku AME

Kumpoto adapeza malo pasukulu ya ubusa ya mpingo wa Lutheran ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania. Adaphunzira zaka ziwiri, maso aja n'kumulepheretsa kupitiriza. Ngakhale zidali choncho, a Lutheran adamudzoza ubusa mu 1839. Adatumikirako pang'ono mumzinda wa Troy ku New York, kenaka n'kukatsegula sukulu ina ku Philadelphia.

Ku Philadelphia n'komwe adayandikana ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, womwe ambiri amangouti AME. Mpingowu udakhazikitsidwa mu 1816 ndi Richard Allen ndi anzake, omwe adatopa ndi tsankho m'matchalitchi a Methodist a azungu. Poyamba Payne adazengereza kulowa chifukwa adamva kuti abusa ena a mpingowu ankanyoza anthu ophunzira. Komabe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840 adalowa, ndipo adatumikira ku Washington kenaka ku Baltimore.

Apa mpomwe nkhondo yake yeniyeni idayambira. Abusa ambiri a AME adakulira muukapolo ndipo sadapondeko m'kalasi. Ena ankalalikira kuti Mzimu Woyera ngokwanira, mabuku amangoziziritsa munthu. Payne ankati mbusa wosatha kuwerenga bwino Baibulo angasocheretse nkhosa zake ngakhale ali ndi mtima wabwino.

Pamsonkhano waukulu wa mpingo wa 1844 adabweretsa ganizo loti aliyense wofuna ubusa aziyamba waphunzira galamala, masamu, mapu a maiko, mbiri yakale, mbiri ya mpingo ndi maphunziro a zaumulungu. Tsiku loyamba nthumwi zidalikana mwaphokoso. Mawa lake, akuluakulu ena atalankhulapo, nthumwi zomwezo zidalivomera. Mu 1848 adasankhidwa kukhala wolemba mbiri ya mpingo, ntchito yomwe idamuyendetsa mtunda wautali kutolera makalata akale ndi kufunsa nkhalamba. Mu 1852 adasankhidwa kukhala bishopu wachisanu ndi chimodzi wa AME.

Pabanja sizidamuyendere poyamba. Mkazi wake woyamba, Julia, yemwe adamukwatira mu 1847, adamwalira chaka chisadathe atangobereka, ndipo khandalo nalo lidatsatira patangopita miyezi. Adakwatiranso Eliza Clark mu 1854.

Mbali yomwe ambiri sadamukonde nayo

Payne adali munthu wochepa thupi, wodwaladwala, koma wouma mutu. Kuuma mutuko kudamanga sukulu, komanso kudapweteka anthu.

Akhristu ambiri omwe adachokera muukapolo adali ndi mapembedzedwe awoawo. Ankapanga bwalo, kuyenda mozungulira, kuomba m'manja ndi kuponda pansi uku akuimba nyimbo zomwe zidabadwira m'minda ya akapolo. Payne ankaona izi ngati zachikunja ndi zochititsa manyazi, ndipo ankaziletsa kulikonse komwe wafika. M'malo mwake ankafuna makwaya ophunzitsidwa bwino, nyimbo za m'buku ndi zida zoimbira. Ku Baltimore mkangano udafika poipa mpaka mayi wina adamukantha ndi chibonga m'tchalitchi momwe.

Akatswiri a mbiri yakale adadzaonetsa pambuyo pake kuti mavinidwe aja adali chuma chomwe akapolo adasunga kuchokera ku Africa, ndipo nyimbo zomwe Payne ankanyansidwa nazo zidadzatchuka dziko lonse lapansi. Pankhani iyi, bishopu wophunzirayu sadaone zomwe nkhalamba zosaphunzira zinkaona.

Madola 10,000 omwe adalibe

Sukulu ya Wilberforce idatsegulidwa mu 1856 pafupi ndi tawuni ya Xenia m'chigawo cha Ohio. Adaiyambitsa ndi a Methodist achizungu mogwirizana ndi atsogoleri a AME, ndipo Payne adali mmodzi mwa oyang'anira. Dzinali adaipatsa pokumbukira William Wilberforce, phungu wa ku Britain yemwe adalimbana ndi malonda a akapolo. Ambiri mwa ophunzira oyamba adali ana omwe azungu olemera a kummwera adabereka ndi amayi achikuda.

Nkhondo ya pachiweniweni itabuka mu 1861, ndalama zochokera kummwera zidaima ndipo sukuluyo idatsekedwa chaka chotsatira. Eni ake adaganiza zoigulitsa. Pa 10 March 1863, Payne adavomera kuigula m'dzina la mpingo wa AME pamtengo wa madola 10,000. Iye adalibe ndalamayo, ndipo padalibe nthawi yoti afunse mabishopu anzake.

Mothandizana ndi James Shorter ndi John Mitchell, adayamba kuyendera mipingo kupempha zopereka kwa anthu omwe ambiri adali ochapa zovala, ophika ndi aganyu. Sukulu idatsegulidwanso chaka chomwecho ndi ophunzira ochepa, Payne ali mtsogoleri wake.

Ngongole ili pafupi kutha, tsoka lidagwa. Pa 14 April 1865, tsiku lomwe mtsogoleri wa dziko Abraham Lincoln adawomberedwa, nyumba yaikulu ya sukuluyo idapsa pomwe ophunzira ndi aphunzitsi ambiri adali ku Xenia kukondwerera kutha kwa nkhondo. Anthu ambiri adakhulupirira kuti moto udabutsidwa dala. Payne ankamudziwa Lincoln, pakuti zaka zitatu m'mbuyomo adakamuona kukamulimbikitsa kuti asaine lamulo lomasula akapolo a mumzinda wa Washington.

Bishopuyu adayambiranso kupempha, ulendo uno mpaka kwa azungu akufuna kwabwino ndi kuboma. Mkulu wa makhothi m'dzikolo, Salmon Chase, adasiyira sukuluyo madola 10,000 mu wilo yake. Kumanganso kudatenga zaka, koma sukulu sidatsekedwe. Payne adaitsogolera mpaka 1876, ndipo atatula udindo adapitiriza kusula abusa achinyamata pamalopo. Sukulu ya ubusa yomwe idaima payokha ku Wilberforce kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 idatchedwa Payne Theological Seminary pomulemekeza.

Kubwerera kwawo ngati mmishonale

Patangotha mwezi umodzi moto uja utachitika, Payne adatsika sitima ku Charleston, zaka 30 chichokereni. Ukapolo udali utatha, ndipo lamulo lomwe lidamuthamangitsa lidalibenso mphamvu. Adabwera ndi kagulu ka abusa achinyamata, ndipo m'May 1865 adakhazikitsa msonkhano wa mpingo wa AME wa South Carolina, womwe udatumiza alaliki ndi aphunzitsi mpaka ku Georgia ndi zigawo zina zoyandikana.

Anthu omwe adangomasulidwa kumene adalowa mpingowu mwa unyinji, masauzande pa masauzande. Mmodzi mwa abusa omwe adagwira ntchito ku Charleston, Richard Cain, adamanganso tchalitchi cha gulu lija lomwe lidagwetseredwa nyumba yopemphereramo mu 1822, ndipo chidatchedwa Emanuel.

Kutha kwa ukapolo sikudathetse tsankho. Ali ndi zaka za m'ma 70, Payne adakwera sitima ya pamtunda ku Florida, ndipo kondakitala adamulamula kuti asamukire kubogi ya anthu akuda. Nkhalambayo idakana, idatsika, n'kuyamba kuyenda pansi itanyamula katundu wake.

Mu 1881 adapita ku London kumsonkhano woyamba wa a Methodist a dziko lonse, komwe adapatsidwa mwayi wokhala pampando. Buku la mbiri ya moyo wake lidatuluka mu 1888, ndipo la mbiri ya mpingo wa AME mu 1891. Adamwalira kunyumba kwake ku Wilberforce m'November 1893 ali ndi zaka 82.

Momwe mbewu idafikira ku Kasungu

Payne sadapondepo mu Africa. Ndipotu m'zaka zake zomaliza ankachenjeza anzake kuti mpingo usathamangire kutsegula mamishoni kuno pomwe udalibe ndalama zokwanira ntchito ya kwawo komweko. Koma sukulu yake idachita zomwe mwini wake sadakonze.

Chapakati pa zaka za m'ma 1890, mtsikana wa ku South Africa, Charlotte Manye, yemwe adadzadziwika ndi dzina la Maxeke, ankaphunzira ku Wilberforce. Makalata ake opita kwawo adathandiza kulumikiza mpingo wa Ethiopian Church wa mbusa Mangena Mokone ndi AME, ndipo mipingo iwiriyi idaphatikizana mu 1896.

Ku South Africa komweko n'komwe anthu awiri a ku Kasungu omwe adapita kukasaka ntchito, Hanock Msokera Phiri ndi mphwake Kamuzu Banda, adakumana ndi mpingowu. Phiri adadzozedwa ubusa ndipo mu 1924 adabwerera kumudzi kukayambitsa AME ku Mdabwi, komwe adatsegulanso sukulu. Banda adalonjezedwa thandizo la fizi ndi Bishopu William Vernon, ndipo mu 1925 adanyamuka ulendo wa ku Ohio. Adamaliza maphunziro a sekondale ku Wilberforce mu 1928 asadapitirire ku Indiana, ku Chicago ndi kusukulu ya udotolo ya Meharry.

Pomwe Banda ankafika ku Wilberforce n'kuti Payne atagona m'manda zaka 32. Awiriwa sadaonanepo. Koma kalasi yomwe mnyamata wa ku Kasungu adakhalamo idalipo chifukwa mphunzitsi wina, atalandidwa ana 60 ndi lamulo la zikoti, adakana kusiya choko.