James Chuma

Munthu akabadwa amapeza dzina, mtundu ndi mudzi zikumudikira. Amakula akudziwa amayi ake, amalume ake ndi anansi ake, ndipo mwa iwowo amadzizindikira kuti iye ndi yani. Nanga mwana amene walandidwa zonsezi akali wamng'ono angakhale wa yani? Mbiri ya James Chuma itithandiza kuyankha funso limeneli.

Chuma anali Myao, ndipo anabadwa cha m'ma 1850. Masiku amenewo malonda a akapolo anali atafika poipa m'dziko muno. Midzi inkatenthedwa, amuna ankamangidwa m'magoli, ndipo ana ankasinthanitsidwa ndi nsalu. Chuma naye anagwa m'manja mwa ogula anthu akali mnyamata wamng'ono.

Mu Julaye 1861, Dr. David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anakwera mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire kufunafuna malo oti amangepo mishoni. Pamudzi wa Mbame gulu lawo linakumana ndi akapolo 84 amene ankatengeredwa ku Tete, ndipo linawamasula. M'masiku otsatira linamasulanso ena. Chuma anali mmodzi mwa ana amene anapulumuka pa nthawi imeneyo.

Ambiri mwa omasulidwawo analibe kolowera, choncho anakakhala ndi amishoni ku Magomero. Kumeneko anthu osadziwana anayamba kulima pamodzi ndi kudyera pamodzi, mpaka anasanduka mudzi. Mmodzi mwa azungu amene ankasamala anawo anali Horace Waller. Koma mudziwo sunakhalitse. Nkhondo, njala ndi malungo zinausautsa. Bishopu Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862, mishoni inasamukira kwa Chibisa pafupi ndi Chikwawa, ndipo mu 1864 inapita ku Zanzibar. Chuma anataya mudzi kachiwiri.

Livingstone anatenga Chuma ndi mnzake Wikatani m'sitima yake yaing'ono yotchedwa Lady Nyassa. Anawoloka nyanja yamchere masiku 45 mpaka kukafika ku Bombay, m'dziko la India. M'sitimamo munalinso Abdullah Susi wa ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, amene pambuyo pake anakhala ngati mkulu wake wa Chuma. Ku Bombay anyamata awiriwo anaphunzira pasukulu ya Dr. John Wilson. Mu Disembala 1865 Chuma anabatizidwa nalandira dzina lakuti James, koma dzina lake lakale sanalitaye.

M'chaka cha 1866 Livingstone anayamba ulendo wake wotsiriza, wofufuza gwero la mtsinje wa Nile, ndipo anyamatawo anapita naye. Anatsata mtsinje wa Rovuma, nadutsa kwa Mfumu Mataka, nafika ku Nyanja ya Malawi. Pamudzi wa Mponda, Wikatani ananena kuti wapeza abale ake, ndipo anatsala komweko. Patangopita masiku ochepa, mayi wina anauza Chuma kuti iye ndi mbale wa makolo ake. Chuma anakhulupirira, ndipo anapatsa mayiyo mikanda, sipuni yake ndi tinthu tina. Apa tikuona mmene mtima wake unkalakalakira chibale. Komabe ulendo utanyamuka, Chuma ananyamuka nawo.

Ulendowo unatenga zaka 7 ndipo unali wowawa. Onyamula katundu ena anathawa, bokosi la mankhwala linabedwa, ndipo njala inali yosatha. Chuma nayenso anafooka. Mu 1868, kudera la Nyanja ya Mweru, iye ndi Susi ndi anzawo ena anakana kupitirira, ndipo Livingstone anapita ndi anthu ochepa okha. Atabwerera patapita miyezi ingapo anawalandiranso, pozindikira kuti anali atatopa ndi kuyenda. Kuchokera pamenepo sanasiyanenso. Pamene Henry Morton Stanley anafika ku Ujiji chakumapeto kwa 1871, anadabwa kulonjeredwa m'Chingerezi ndi Susi ndi Chuma.

Pa 1 Meyi 1873, Livingstone anamwalira pamudzi wa Mfumu Chitambo, kumwera kwa Nyanja ya Bangweulu, m'dziko limene lero ndi Zambia. Panalibe mzungu wina woti awalamule. Anthuwo akanatha kuika maliro pomwepo, kugawana katundu, aliyense n'kulowera kwake. Koma anasankha Susi ndi Chuma kuti awatsogolere, nagwirizana zoperekeza malirowo kwawo kwa womwalirayo, monga momwe abale amachitira.

Mtima wa Livingstone anaukwirira patsinde pa mtengo wa muula, ndipo Jacob Wainwright, amene ankadziwa bwino kulemba, anazokota dzina lake pamtengopo. Thupi analithira mchere naliumitsa padzuwa milungu iwiri. Kenaka analikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo, nalimangirira kumtengo wonyamulira. Anasonkhanitsanso mabuku ndi mapu ake onse kuti pasatayike kanthu.

Anayenda miyezi 9, mtunda woposa makilomita 1,500. Anadutsa m'madambo ndi m'mitsinje, anadwala, ndipo ena mwa iwo anafera panjira. Atayandikira ku Unyanyembe, Chuma anatsogola ndi kalata yonena za malirowo. Kumeneko anapeza Verney Lovett Cameron, amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone. Cameron anawalangiza kuti aike maliro pomwepo chifukwa njira inali yoopsa, koma iwo anakana. Pofuna kudutsa m'midzi imene sinkalola mtembo, anaumanga kuti uzioneka ngati mtolo wa nsalu. Anafika ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja yamchere, mu Febuluwale 1874.

Livingstone anaikidwa m'manda ku Westminster Abbey, mumzinda wa London, pa 18 Epulo 1874. Chuma ndi Susi sanapezeke pamwambowo, pakuti anasiyidwa ku Zanzibar. Pambuyo pake James Young, bwenzi la Livingstone, anawalipirira ulendo wa ku Britain. Kumeneko Chuma anakumananso ndi Horace Waller, yemwe uja wa ku Magomero. Waller anali kukonza mabuku a ulendo wotsiriza wa Livingstone kuti asindikizidwe, ndipo nkhani ya masiku omaliza a Livingstone ndi ya ulendo wa maliro anaimva kwa Chuma ndi Susi. 

Atabwerera ku Zanzibar, Chuma anagwiranso ntchito ndi mishoni imene inamulera. Mu 1875 anaperekeza Bishopu Edward Steere kwa Mataka, pakati pa Ayao anzake. Chaka chotsatira anathandiza kutsogolera akapolo omasulidwa amene anakakhazikitsa mudzi ku Masasi. Mwana amene anasowa mudzi uja tsopano anali kupezera ena mudzi.

Mu 1879 Chuma anasankhidwa kukhala kapitawo wa ulendo wa Keith Johnston. Johnston anamwalira ulendo utangoyamba, ndipo utsogoleri unagwera Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21. Chuma ankalankhula ndi mafumu, kuthetsa mikangano ndi kulimbitsa mitima ya onyamula katundu. Anafika kumpoto kwa Nyanja ya Malawi ndi ku Nyanja ya Tanganyika, nabwerera bwino mu 1880. Bungwe la Royal Geographical Society linamupatsa mendulo ya siliva pomuthokoza. Chuma anamwalira ku Zanzibar mu 1882, ali ndi zaka zongopitirira pang'ono 30.

Akuluakulu amati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ogula akapolo analanda Chuma makolo ndi mudzi, koma ku Magomero, ku Bombay ndi paulendo anapeza anthu amene anamulandira, ndipo iye anawasunga mpaka imfa. Lero timamudziwa chifukwa cha anthu amene anayenda nawo ndiponso maliro amene anakana kuwataya panjira.

Mafunso

1. Kodi Chuma anamasulidwa liti, ndipo anakakhala kuti?
2. N'chifukwa chiyani Chuma anapatsa mayi uja mphatso?
3. Fotokozani mmene anakonzera thupi la Livingstone.
4. Kodi Chuma anathandiza bwanji Joseph Thomson?