HATSHEPSUT, MKAZI AMENE ANAKHALA FARAO

Ambiri a ife aphunzitsi, pofotokoza za dziko la Egypt, limene mabuku athu akale alicha Aigupto, timachula mtsinje wa Nile, mapiramidi ndi Farao, ndipo ana amaturuka m'kalasi alikuganiza kuti Farao anali munthu mmodzi yekha. Koma mafumu amene tiwacha Afarao anali ambiri ndithu, nalowana m'malo zaka ngati 3,000. Pakati pao panali akazi owerengeka, ndipo amene anasiya nchito zazikuru koposa ndiye Hatshepsut, amene dzina lace linafafanizidwa dala kuti asakumbukikenso.

Iyeyu anabadwa zaka ngati 1,500 Kristu asanabadwe. Atate wace anali Thutmose I, mfumu yankhondo imene inafika ndi asilikari ace ku mtsinje wa Euphrates, ndipo amace anali Ahmose, mkazi wamkuru wa mfumuyo. Atakula anamkwatitsa kwa Thutmose II, mlongo wace wa mai wina, pakuti ndiwo unali mwambo wa banja lacifumu kumeneko. Anabala mwana wamkazi, Neferure, koma wamwamuna sanamuone. Cotero pamene mwamuna wace anamwalira, ca m'ma 1479 B.C., ufumu unagwera Thutmose III, mwana wa mkazi wamng'ono dzina lace Iset. Mwanayo anali wosayenda n'komwe patali, ndipo Hatshepsut anayamba kumsungira mpando.

Kusunga mpando sikunali cacilendo, popeza akazi ena a mafumu anacitapo cotero kale. Cacilendo cinali ici: pofika caka ca 7 ca ufumu wa mwanayo, Hatshepsut anatenga maina onse a ufumu, nadzicha Maatkare, nakhala Farao weniweni. Olemba mbiri ena a zaka zapitazo anamuyesa mai wopeza woipa mtima, wolanda za mwana wamasiye. Ine sindibvomerezana nao. Anali ndi zaka 20 za kumcotsa mnyamatayo akadafuna, koma sanamuphe kapena kumpitikitsa. Zaka za dziko zinawerengedwabe m'dzina la mnyamatayo, pa zipupa anawasema onse awiri pamodzi ngati mafumu, ndipo iye anakula bwino naphunzira nkhondo.

Tsono osema miyala anaona bvuto. Kuyambira makolo ao, cithunzi ca mfumu cinali ca mwamuna wa cifuwa capamtunda, wobvala kansaru kakafupi m'cuuno, nsaru yacifumu kumutu, ndi ndebvu zocita kumangirira ndi cingwe pacibwano. Poyamba anamsema ndi thupi lacikazi ndi zobvala zacifumu, koma pambuyo pace anamsema ngati mwamuna, ndi ndebvu zomwe. Alembi okha ndiwo sanabise zonse. Apa tiyenera kumvetsa kanthu kena. Ife tikanena kuti “iye,” womvera sadziwa ngati tinena mwamuna kapena mkazi; koma cinenero ca ku Egypt cinali kusiyanitsa. Mau ambiri acikazi anali kuthera ndi liu la t, limene analilemba ndi kacizindikiro konga kamtanda ka mkate. Alembiwo kawirikawiri anaika kacizindikiroka pambali pa cithunzi ca mfumu yandebvu, namcha mwana wamkazi wa mulungu wao Ra. Tikasunge kamkate aka, pakuti tidzakapezanso.

Nchito yace yochuka koposa inali ulendo wa malonda wa ku Punt, dziko la m'mbali mwa Red Sea ca kumwera, m'caka ca 9. Ulendo wonse unasemedwa pa cipupa ca kacisi wace ku Deir el-Bahri, tsidya lija la Luxor, ndipo ndiyesa kuti ndico cimodzi ca zithunzi zokoma koposa zimene anthu akale anatisiyira. Paoneka zombo 5 za mathanga ndi opalasa, ciri conse ndi cingwe cacikuru comangidwa kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo, cokungidwa zolimba kuti combo cisathyoke msana pa mafunde. Pansi pa zombozo pali nsomba zosemedwa mosamala kwambiri, kotero kuti odziwa nsomba amazindikira mitundu yace. Paoneka nyumba za anthu a ku Punt zomangidwa pa nsanja, zokwera ndi makwerero, ndi mfumu yao Parahu pamodzi ndi mkazi wace Ati, wonenepa ndithu. Amalinyero alikusenza golidi, phingo, minyanga ya njobvu ndi zikopa za akambuku, ndipo anyani akhala phee pamwamba pa katundu. Koma cuma cimene anacikonda koposa cinali utomoni wonunkhira wofukiza m'makacisi, ndi mitengo yace yamoyo 31, imene anaizula ndi dothi lace naiika m'madengu kuti akaioke kwao.

Anamanganso kwambiri. Woyang'anira cuma ndi nchito zace anali Senenmut, munthu wa banja wamba, amenenso anali mphunzitsi ndi mlezi wa Neferure. Pa mafano ace ambiri aoneka atafungata kamwanako m'copfunda cace, mutu wokha uli kunja. Ku Karnak mfumuyi inaimika zipilala zazitali zosongoka kumutu, ciri conse ca mwala umodzi wosalumikiza. Cimene ciri ciimire lero cifika pafupifupi mamita 30, ndipo cilemera matani oposa 300. Zolembedwa patsinde pace zinena kuti kusema ziwirizo kunatenga miyezi 7. Tikumbukire kuti anthuwa analibe zipangizo zacitsulo conga cathu. Mwala wofiira wa ku Aswan anaugumula pang'onopang'ono pousinja ndi miyala ina yolimba koposa, naukweza m'combo cacikuru, nautsitsa pa Nile ulendo wa makilomita ngati 200. Cithunzi cina ca ku Deir el-Bahri cisonyeza combo cotere cirikukokedwa ndi ngalawa 27.

Hatshepsut anamwalira m'caka ca 22, ca m'ma 1458 B.C., ndipo Thutmose III analamulira yekha zaka zoposa 30, nagonjetsa adani ace ku Megiddo ndi kwina kwambiri. Zaka 20 zinapita dzina la mai uja liri pa mtendere. Kenaka, mfumu itayamba kukalamba, amisiri anatumidwa ndi nyundo zao. Anagoba dzina lace pa zipupa nalembapo maina a atate wace kapena a mwamuna wace. Mafano ace anawaphwanya nawataya m'dzenje pafupi ndi kacisi. Mkwiyo sudikira zaka 20, ndipo cifukwa cace akatswiri ambiri a masiku ano ayesa kuti mfumuyo inafuna kukonzera njira mwana wace Amenhotep II, ndi kuonetsa kuti ufumu unatsika kucokera kwa mwamuna kunka kwa mwamuna popanda mkazi pakati. Kwa anthu a ku Egypt cilango ici cinali coopsya, pakuti anakhulupirira kuti munthu akhalabe ndi moyo kumanda ngati dzina lace lilembedwa ndi kuchulidwa. Pamene Seti I analembetsa mndandanda wa mafumu ku Abydos, Hatshepsut sanaikidwemo. Pomariza ndi kawerengedwe komwe ka zilembozo kanaiwalika, ndipo zipupa zinakhala cete zaka zoposa 1,000.

M'caka ca 1822 Jean-François Champollion wa ku France anapeza kawerengedwe kace, mothandizidwa ndi mwala wa ku Rosetta umene unali ndi nkhani imodzi m'zilembo za mitundu itatu. Mu 1829 anafika ku Deir el-Bahri, ndipo anazizwa poona mfumu yandebvu, yobvala ngati Afarao onse, koma mau a pambali pace ali acikazi. Ogoba aja anacotsa dzina m'malo ambiri, koma timikate tija ndi mau ena acikazi anatisiya apo ndi apo, kapena cifukwa ca kutopa, kapena ca kufulumira. Akatswiri odza m'mbuyo mwace anatsata mapazi amenewa kufikira anazindikira kuti mfumuyo inali mkazi, nadziwa atate wace ndi zaka zace. M'zaka za m'ma 1920 Herbert Winlock wa ku Metropolitan Museum anafukula zidutswa za mafano m'dzenje muja, ndipo zitalumikizidwa nkhope yace inaonekanso. Ena a mafanowo ali ku Cairo, ena ku New York.

Zipilala ziwiri zija za ku Karnak sanazigwetse m'masiku a Thutmose III, koma anazimangira linga lamiyala lobisa mbali ya kumunsi. Cimodzi cinagwa pambuyo pace nicisweka. Cinzace ciripo, ndipo linga lija linachinjiriza zilembo zace ku mphepo ndi mcenga, kotero kuti alendo ofika ku Karnak amawerenga dzina la Maatkare pa mwalawo popanda bvuto.