Malemu Paul Ngozi, Mwana wa m'Chibolya Amene Analiza Gitala la Magetsi m'Chinyanja

M'mwezi wa October chaka cha 2024 woimba wotchuka wa ku America, dzina lake Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, ndipo anthu miyandamiyanda a m'maiko akutali anaimvetsera. Chimene chinadabwitsa anthu a ku Malawi ndi a ku Zambia ndi chakuti pakati pa nyimboyo panamveka mawu a Chinyanja, pamodzi ndi kulira kwa gitala laukali. Mawuwo sanali atsopano ayi. Anatengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, ya gulu la Ngozi Family, imene inatuluka m'chaka cha 1977, ndipo mwini mawuwo anali atagona m'manda zaka 35. Munthu ameneyu ndiye malemu Paul Ngozi, amene mbiri yawo iyenera kudziwika kwa aliyense wolankhula chinenero ichi, kuyambira ku Lusaka kufikira pa Chiradzulu Boma.

Ubwana wa m'Chibolya

Dzina lawo lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, ndipo anabadwa m'chaka cha 1949, dziko la Zambia likali kutchedwa Northern Rhodesia. Mfunda wa Nyirongo ngwodziwika mbali zonse ziwiri za malire, kumpoto kwa Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, pakuti malire amene Azungu analemba sanathe kudula ubale wa anthu. Mnyamatayo anakulira m'Chibolya, imodzi mwa makomboni akale a mzinda wa Lusaka, kumene kunkakhala anthu akuda ogwira ntchito zamanja. Anthu a m'menemo anachokera m'mitundu yambiri, koma chinenero chimene chinawagwirizanitsa pamsika, pachitsime ndi pabwalo la masewera chinali Chinyanja cha m'tauni, chosakanizika ndi mawu a Chibemba ndi a Chingerezi.

Masiku amenewo nyimbo zinkafika m'makomboni kudzera pa wailesi. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, imene inkatchedwa Central African Broadcasting Station, inkaulutsa mawu m'zinenero za anthu akuda ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. M'chaka chomwecho cha 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, imene anthu wamba anakhoza kugula. Chotero mwana wa m'Chibolya ndi mwana wa ku Chiradzulu ankamva mawu amodzimodzi a Alick Nkhata ndi anzake, ngakhale pakati pawo panali ulendo wa masiku.

Chuma cha Mkuwa ndi Nyimbo Zachilendo

Zambia inalandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964, Paul Nyirongo ali ndi zaka 15. Dzikolo linali pakati pa maiko okumba mkuwa wambiri padziko lonse, ndipo pafupifupi ndalama zonse zochokera kunja zinkabwera ndi mkuwawo. M'matauni a kumigodi ndi mu Lusaka munali malipiro a pamwezi, nyumba zovinira, ndi masitolo ogulitsa mbale za galamafoni zochokera ku London ndi ku America. Anyamata anamva nyimbo za Beatles ndi Rolling Stones, kenaka za Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath, ndipo m'chaka cha 1970 anaona ndi maso James Brown akuimba m'dziko lawo lomwe.

Poyamba anyamatawa ankangotsanzira zimene anamva, monga momwe mwana aphunzirira kulankhula. Paul Nyirongo anaimba m'timagulu ta mu Lusaka, ndipo luso lawo pa gitala litamveka, analowa m'gulu la Musi-O-Tunya, limene Rikki Ililonga anali mmodzi wa oliyambitsa, ndipo linakhala nthawi ku Nairobi m'dziko la Kenya. Mzinda umenewo unali ndi nyumba zojambulira nyimbo ndi makina osindikizira mbale, ndiponso oimba a ku Congo, Tanzania ndi Uganda ankakumana kumeneko. Gulu la Musi-O-Tunya ndilo limodzi mwa magulu oyamba kuphatikiza gitala la magetsi ndi ng'oma zamakolo, maimbidwe amene pambuyo pake anatchedwa Zamrock.

Atabwerera kwawo cha m'ma 1975, anakhazikitsa gulu lawolawo, Ngozi Family, pamodzi ndi Chrissy Zebby Tembo woimba ng'oma ndi Billy Sithenge woimba gitala la besi, amene malo ake anadzatengedwa ndi Tommy Mwale. Dzina lakuti Ngozi silisowa womasulira kwa wolankhula Chichewa. Amene anawaona pabwalo amasimba kuti ankaliza gitala ngakhale ndi mano, monga ankachitira Hendrix, ndipo anthu ankakhamukira kukaona zodabwitsazo.

Lamulo la pa Wailesi

Luso lokha silikanakwanira popanda msika. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amenenso anali wodziwa kuimba gitala, analamula kuti nyimbo 9 kapena kuposa mwa nyimbo 10 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya dziko zikhale za oimba a m'Zambia momwemo. Cholinga chinali kumanga mtundu umodzi mwa mitundu yoposa 70, ndiponso kuti ana a dziko asachite manyazi ndi zakwawo.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Wailesi inasowa nyimbo zokwanira kudzaza tsiku, ndipo amalonda anayamba kufunafuna magulu oti ajambule. Edward Khuzwayo wa ku Ndola, mwini Zambia Music Parlour, anatenga magulu ambiri, pamene kampani ya Teal inkasindikiza mbale mumzinda womwewo. Magulu monga Witch, Amanaz, Peace ndi Blackfoot anatulutsa zimbale zawo m'zaka zochepa zimenezo. Apa pali chinthu chofunika kuchizindikira. Boma linkayembekeza kumva ng'oma ndi nyimbo zakumudzi, koma anyamata a m'tauni analibweretsera nyimbo za rock zokhala ndi mawu akwawo. Lamulo linatsegula khomo, koma amene analowa pakhomopo anasankha okha zovala.

Maimbidwe Awo

Chimbale choyamba cha Ngozi Family, Day of Judgement, chinatuluka m'chaka cha 1976, ndipo china chotchedwa 45,000 Volts, chimene chinajambulidwa ku Nairobi, chinatsatira mu 1977. Pa zaka zomwezo kunatulukanso The Ghetto m'dzina la a Paul Ngozi eni ake, ndi My Ancestors m'dzina la Chrissy Zebby Tembo, oimba ake ali omwewo.

Chinsinsi cha kulira kwa gitala lawo chinali kabokosi kopondedwa ndi phazi, kotchedwa fuzz. Kabokosi aka kamakuza mphamvu ya mawu a nsambo kupyola muyeso umene makina angathe kunyamula bwino, kotero kuti mawuwo amatuluka okhakhala, akulira ngati dzombe kapena njuchi zolusa. Oimba ena ankakagwiritsa ntchito pang'ono ngati mchere wa m'ndiwo, koma a Ngozi anakasandutsa ndiwo yeniyeniyo. Pansi pa phokosolo panali ng'oma ndi besi zoyenda mobwerezabwereza monga gule wa pabwalo, ndipo pamwamba pake panali mawu a munthu wolankhula molunjika, wopanda zokometsera.

Kuti ntchito imeneyi iyesedwe mwachilungamo, nkoyenera kukumbukira zimene anzawo a ku Ulaya anali nazo. Gulu la Pink Floyd linatha miyezi yambiri likujambula chimbale cha The Dark Side of the Moon, cha mu 1973, m'nyumba ya Abbey Road ku London, pa makina okhoza kujambula chida chilichonse pachokha. Anyamata a ku Lusaka anali atatu okha, ndi zida zochepa, ndi ndalama zosalola kubwereza nyimbo kambirimbiri. Chimene anasowa m'zipangizo anachibweza ndi mphamvu, ndipo nkhakhalira yomweyo, imene ena pa nthawiyo ankaiona ngati chilema, ndiyo imene anthu akunja anadzaikonda patapita zaka 40.

Zimene Ankaimba

Chosiyanitsa chachikulu cha a Ngozi ndi anzawo ambiri chinali nkhani za m'nyimbo zawo. Magulu ena ankaimba kwambiri m'Chingerezi, koma iwo, ngakhale Chingerezicho sanachisiye, ankabwerera kawirikawiri ku Chinyanja cha m'komboni. Mitu yokha ya nyimbo ionetsa mtima wa mwini wake: Kumanda kwa Bambo Wanga, Tikondane, Chenjelani, Ulesi Tileke. Ankaimba za umasiye, za ana osiyidwa ndi njala makolo ali ku mowa, za kudzipha, za miseche ya anansi, za mantha a usiku, ndi za chiweruzo cha Mulungu. M'chimbale cha 45,000 Volts muli nyimbo yolira abale a ku Zimbabwe, amene pa nthawiyo anali pankhondo yomenyera ufulu wawo.

Tsono ngakhale chida chinali cha ku America, ntchito imene a Ngozi ankagwira inali yakale lomwe. Ndi ntchito ya woimba bangwe kapena kaligo, ndi ya amayi oimba pamtondo, amene amadzudzula choipa pamaso pa mudzi wonse popanda kutchula dzina la wolakwa. Akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. A Ngozi sanachione kuchepa chinenero cha amayi a m'Chibolya, ndipo ichi ndicho chinawakondetsa kwa anthu wamba amene sanapite patali ndi sukulu.

Masiku a Mdima

Nyengo ya Zamrock sinakhalitse. M'chaka cha 1975 mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri pamsika wa dziko lonse, pomwe mtengo wa mafuta unali utakwera kuchokera mu 1973. Ndalama zakunja zinasowa, ndipo nsambo, magitala ndi zipangizo zosindikizira mbale, zonse zogulidwa kunja, zinayamba kuvuta. Munthu wa malipiro ochepa, posankha pakati pa ufa ndi chimbale, sakanasankha chimbale.

Pamwamba pa umphawi panabwera nkhondo. Popeza Zambia inasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe, asilikali a Rhodesia anaponya mabomba pa misasa ya pafupi ndi Lusaka ndi ya ku Mkushi mu October 1978, ndipo Alick Nkhata, amene anali ndi munda kufupi ndi Mkushi, anafera m'chipolowe chimenecho. Boma linaletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi, chinthu chimene chinapha malonda a magulu odalira dansi ya usiku. Pamene mtendere unabwera mu 1980, makutu a anthu anali atatembenukira ku disco ndi ku kalindula, ndipo makaseti okopedwa mwakuba anali kudya phindu la oimba.

A Ngozi anapitiriza kuimba m'zaka zimenezo, ndipo dzina lawo silinazilale m'makomboni a Lusaka. Koma m'zaka za m'ma 1980 mliri wa Edzi unalowa m'dzikomo mwaukali, kufikira kuti Pulezidenti Kaunda analengeza poyera mu 1987 kuti mwana wawo weniweni anafa nawo. Oimba ambiri a mbadwo umenewo anatha m'zaka zochepa. Paul Ngozi anamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mzinda wa Lusaka unadzawalemekeza potcha msewu wina wa ku Kabwata dzina lawo.

Mbiri Idzukanso

Kwa zaka zambiri zimbale za Ngozi Family zinali kuola m'makatoni ndi pansi pa mabedi, ndipo zinasowa ngakhale m'Zambia momwe. Amene anazitola anali alendo osonkhanitsa mbale zakale. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasindikizanso Day of Judgement m'chaka cha 2014, ndipo mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock, zosonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri. Emmanuel Jagari Chanda wa gulu la Witch, amene anakhala zaka akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, anabwerera pabwalo nayamba kuimba ku Ulaya ndi ku America. Iye anaona ulemu wake ndi maso, koma a Ngozi sanauone.

Chimene a Malawi Angatolepo

Anthu a ku Chiradzulu aidziwa bwino nkhani ya ulemu wochedwa. A Giddes Chalamanda, amene anabadwa m'boma limeneli m'chaka cha 1930, anaimba zaka zambirimbiri ndi gitala lawo lopanda magetsi, koma dziko lakunja linawamva kwambiri pambuyo pa 2020, pamene anajambula nyimbo zawo zakale pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo Linny Hoo inafalikira pa intaneti, iwo ali ndi zaka 90. Daniel Kachamba wa ku Chileka anamwalira mu 1987, Allan Namoko mu 1995. Zambiri za nyimbo za a Kachamba zinasungika chifukwa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anayamba kuzijambula m'chaka cha 1967.

Mbiri ya Paul Ngozi ionetsa zinthu zitatu zoyenera kuziganizira. Choyamba, lamulo la Boma likhoza kubala msika wa nyimbo m'zaka zochepa, koma msikawo sungaime ngati chuma cha dziko chatsamira pa mbewu imodzi kapena mwala umodzi. Chachiwiri, chimene chinapulumutsa dzina la woimbayu kunja sichinali kufanana kwake ndi Hendrix, pakuti ofanana ndi Hendrix analipo ambiri m'dziko lililonse, koma mawu a kwawo amene wina aliyense analibe. Chachitatu, nyimbo imene sinasungidwe bwino, ndipo mwini wake sanalembetsedwe, siingathe kudyetsa ana a woimbayo tsiku limene mlendo adzaifune. Ku Malawi ntchito yoteteza umwini wa nyimbo inaperekedwa kwa bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo nyimbo zambiri za oimba akale zinajambulidwa pa matepi a nyumba ya mphepo ya MBC kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Tepi ndi chinthu chimene chinyezi ndi kutentha zimawononga pang'onopang'ono, ndipo ikafufutika palibe mmisiri amene angabweze mawu ake. Mabanja amene akusunga mbale, makaseti ndi zithunzi za oimba a kwawo achita bwino kuzisamala ndi kuzilembetsa eni ake akali kukumbukika.